Tsiku Limene Nkhungu Zinalowa M'bokosi la Madisiki

Ntchito yanga yoyamba inali pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, pakati pa Chintheche ndi Kande. Ndinalowa ngati wothandiza polandirira alendo, nditangomaliza Folomu 4 pa sekondale yoyendera ya kwathu. Kompyuta ndinaigwira koyamba pomwepo. Ndinali mtsikana woopa chilichonse. Foni ikalira ndinkadzidzimuka, mlendo akandifunsa kanthu ndinkayankha ndikuyang'ana pansi. Chichewa changa chinali cha kusukulu ndi pa wailesi, ndipo anzanga ochokera kummwera ankaseka ndikanena yewo pamene iwo akanati zikomo. Choncho ndinkakonda ntchito zosafuna pakamwa.

Kuseri kwa malo olandirira alendo kunali kachipinda kamdima, kokhala ndi kabowo ka mpweya pamwamba pa khoma. Mmenemo, pa thebulo, munali bokosi lakuda lolira mosalekeza ngati njuchi. Makompyuta onse a pa loji ankasunga zinthu zawo m'bokosilo: mabukingi a miyezi ya m'tsogolo, makalata a alendo, mayina a antchito, zithunzi. Buku lapepala la mabukingi anali atalisiya kale ine ndisanabwere. Mlendo wobwera pa Khirisimasi, chipinda chake, tsiku lofika, zonse zinali m'bokosimo basi.

Amene analiika anali katswiri wina wa ku Mzuzu, bambo woonda wosachedwa kuseka. Tsiku lina anabwera pamodzi ndi mwini loji, amene ankakhala ku Lilongwe, nandiitana m'kachipindamo. Anandionetsa timagetsi tiwiri tobiriwira kutsogolo kwa bokosi.

"Chemwali, muno muli madisiki awiri. Cholembedwa mu iyi chimalembedwanso mu inzakeyi nthawi yomweyo, ngati munthu ndi nkhope yake pa galasi. Ina ikafa, inzake imapitiriza ntchito. Mwamva?"

"Ndamva, ada," ndinayankha, monga timaitanira bambo wamkulu m'Chitonga chathu.

"Koma musanyengeke. Onse ali m'bokosi limodzi, akudya magetsi amodzi, akupuma mpweya umodzi. Ndinawagula tsiku limodzi, akukalamba limodzi. Chopha mmodzi chikhoza kupha onse."

Atatero anatulutsa disiki yachitatu, yaing'ono ngati buku la nyimbo, yokhala ndi chingwe chake. Anandiphunzitsa kuilumikiza, kudina poyenera, kudikira mpaka zonse zitakopedwa, kenako kuichotsa ndi kukaisunga m'kabati ya kusitolo, nyumba ina, kutali ndi bokosi. Anandiuza ndichite ndekha iye akuyang'ana, ndipo ndinachita. Ndiye anatembenukira kwa mwini loji nati, "Iyi ndi ntchito ya chemwaliyu, Loweruka lililonse." Mwini loji anandiyang'ana nagwedeza mutu. Ndikuganiza kuti ndi tsiku lokhalo limene anandiyang'ana bwinobwino.

Ndinagwira ntchitoyo mokhulupirika kwa miyezi ingapo. Ndinkaikonda, chifukwa inali yanga ndipo sinkafuna kuyankhula ndi munthu.

Amanijala athu anali bambo wa ku Mulanje, wamkulu thupi, wamawu aakulu, koma osati woipa mtima. Loweruka lina anandipeza ndikutuluka ndi disiki ija m'manja.

"Kanthu ako aka kamagwira ntchito yanji masiku ena onsewa?"

"Kamangokhala m'kabati, bwana."

"Kumangokhala! M'bokosimo muli awiri, uyu akamwalira uyu alipo. Wachitatuyu ndi ulova. Bweretsa kuno, apabala akufuna poika mafilimu a alendo. Tibweza."

Ndinadziwa zimene katswiri ananena, mawu ake ndinali nawo m'mutu onse. Koma kwathu munthu wamkulu akatambasula dzanja sumufunsa kuti mukufuna chiyani. Ndinapereka ndi manja awiri. Loweruka lotsatira ndinakaima pakhomo la ofesi yawo, iwo anali pa foni, ndinabwerera. Linalo ndinafunsa motsitsa mawu, anati mawa. Kenako ndinasiya kufunsa. M'mawa uliwonse ndinkangolowa m'kachipindamo kukaona timagetsi tiwiri tija, ndikapeza tonse ndi tobiriwira ndinkapuma.

Inali nyengo ya mvula zoyamba, m'zaka zija mafuta agalimoto ankasowa m'dziko muno. M'mawa wina tinaona utsi wakuda utaima pakati pa nyanja, mizati itatu kapena inayi yofika kumitambo. Alendo anathamangira makamera poganiza kuti kwapsa sitima. Ife eni dera tinadziwa kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu timene timatuluka m'madzi tambirimbiri. Tikakhala kutali ndi zoonera chabe. Tsiku limenelo mphepo inatembenuka n'kutibweretsera pagombe pathu.

Kunja kunada ngati kukubwera chimvula. Nkhungu zinali m'maso, m'mphuno, m'makapu a tiyi. Alendo anadzitsekera m'zipinda. Azimayi a m'mudzi wapafupi anatsika ndi malichero onyowetsa, akuwazunguza m'mwamba, akuimba ndi kukuwa, poti kwathu nkhungu ndi ndiwo. Antchito anzanga a kuno nawonso anathawa pa ntchito kukakola zawo. Ine ndinatseka mazenera a polandirira alendo, ndikusesa nkhungu pa kauntala, pamene ndinamva kulira kwachilendo kuseri. Kunali kulira kowonda, kobwerezabwereza.

Nditatsegula kachipinda kaja ndinamva kutentha kumaso. Kabowo ka mpweya kanalibe sefa. Nkhungu zinali zitalowa n'kuunjikana kumbuyo kwa bokosi, pamene fani imakokera mpweya, zitamatana ngati matope. Faniyo inali itaima. Ndinagwira bokosi, linali lotentha ngati chitsulo chositira. Kagetsi kamodzi kanali kobiriwira. Kena kanali kofiira.

Ndinakhala pansi pa simenti, pa nkhungu pomwepo. Chimene ndinaona m'maganizo ndi mwini loji akugwedeza mutu, kenako ine ndikubwerera kumudzi ndi chikwama changa, kukaviika chinangwa ndi amayi, anthu akufunsana kuti uja wa kompyuta wachita chiyani.

Ndinaimbira katswiri. Foni inalira nthawi yaitali asanayankhe.

"Ada, kagetsi kamodzi kafiira. Nkhungu zalowa, fani yaima."

"Nkhungu? M'kompyuta?" Anayamba kuseka, kenako anasiya. "Kagetsi kenako kakadali kobiriwira?"

"Ee."

"Chabwino, imodzi yafa, inzake ili moyo. Munakopera liti komaliza?"

Ndinayamba kuwerenga masabata pa zala.

"Chemwali, disiki yachitatu ili kuti?"

"Ili ku bala, ada. Muli mafilimu."

Kumbali yake kunkamveka mahutala a magalimoto. Anandiuza kuti ali pa mzere wa mafuta kuyambira dzulo lake, sangathe kubwera lero ngakhale mawa. Kenako anayankhula pang'onopang'ono, ngati kwa mwana.

"Mvetsetsani. Yatsalayo nayo yapsa mofanana ndi inzakeyo, ikungoyenda chifukwa siinaime. Mukaizimitsa mwina sidzukanso. Musazimitse, wina aliyense asazimitse. Chotsani nkhunguzo ndi burashi, osagwedeza bokosi. Muwauze onse asiye kugwiritsa ntchito makompyuta. Mukatenge disiki ija, muyambe kukopera mabukingi ndi makalata a alendo, zithunzi pambuyo. Ndipo..."

Netiweki inaduka. Ndinayesanso kangapo, osalowa.

Ndinali ndikuchotsa nkhungu ndi burashi ya penti pamene amanijala analowa, akudzikupiza ndi chipewa.

"Chikulira n'chiyani muno? Kompyuta yanga yauma, sikutsegula kanthu." Anaona kagetsi kofiira, anaona nkhungu. "Aa, zatsamwa basi. Zimitsa, tikalikunthe panja, tiyatsenso. Zinthu izi mankhwala ake ndi omwewo."

Anatambasula dzanja kulunjika pa soketi ya pakhoma. Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangopezeka ndili pakati pa iwo ndi khoma, msana wanga utatseka soketi, burashi ili m'manja.

"Iwe, choka apo."

"Pepani bwana. Musazimitse."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, sindikumva."

"Musazimitse, bwana. Akatswiri akuti ikazima sidzukanso. Imodzi yafa kale." Mawu anga ankatuluka odukaduka, ndipo misozi inali itayamba. "Ndipo ndikupempha disiki ija. Lero. Pompano."

Ndinali ndisanawakanizepo kanthu, ngakhale kundituma kogula fodya pa nthawi yanga ya nkhomaliro. Ndinkadikira kuti andikalipira, mwina kundikankhira pambali. Anatsitsa dzanja.

"Si paja munkati muli awiri?"

"Watsala mmodzi, bwana. Nayenso akudwala."

"Ndipo akafa?"

"Sitidziwa amene akubwera pa Khirisimasi."

Anavula magalasi, napukuta nkhungu zimene zinamatirira pamenepo. Kenako anatulukira pakhomo n'kukuwa dzina la wapabala mwamphamvu moti azimayi a kugombe anamva.

Wapabala anali mnyamata wa ku Ntcheu, wanthabwala, amene ankanditcha asisitere chifukwa cha kufatsa kwanga. Anabwera ndi disikiyo akuiponya m'mwamba n'kuiwakha. Mtima wanga unkaima nthawi iliyonse ikachoka m'manja mwake.

"Asisitere, mwalira? Nkhungu zimenezi ndi ndiwo zanu, mukulirira chiyani?"

"Patsa mwanayo chinthucho, usachiponye!" anatero amanijala.

Nditailumikiza ndinapeza zimene ndinkaopa. Zonse zimene ndinakopera miyezi ija anali atazifufuta kuti mafilimu akwane. Disiki inali yodzaza mpaka pakamwa.

"Ndiyenera kufufuta mafilimuwa," ndinatero, osayang'ana munthu.

"Onse? Asisitere, chitirani chifundo. Akarate okhawo ndinakawatenga ku Nkhata Bay, pa matola. Siyani awiri okha."

"Fufuta," anatero amanijala. Kenako anawerama pa sikirini, nagwira phewa langa. "Dikira. Umo muli ukwati wa mwana wanga. Kulibenso kwina."

Ndinayang'ana kukula kwake, ndinayang'ana malo ofunika, ndinawerengetsa kawiri. Ukwati ukanatha kukhala. Ndinasankha mafilimu limodzi limodzi, ndikutchula dzina lake mokweza ndisanadine, kuopa kuti chala chingaterereke. Wapabala ankabuula pa dzina lililonse ngati pa maliro. Nditamaliza ndinatsegula ukwati uja kuti amanijala aone kuti ulipo, kenako ndinayamba kukopera mabukingi.

Masiku onse chigawo chimenechi chinkatha munthu asanamalize kumwa tiyi. Tsiku limenelo kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanasuntha pang'ono n'kuima. Kanasunthanso, n'kuimanso. M'bokosi munkamveka kugogoda kochepa, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo pa thebulo. Kugogodako kukayamba, kamzere kankaima, ine ndinkasiya kupuma.

Nkhungu zinali zikulowabe pa kabowo kaja ndi pa chitseko, chimene sitikanatseka chifukwa cha kutentha. Amene anatithandiza anali amayi ochapa zovala, a mpingo wathu, anzawo a mayi anga. Anasuzumira, lichero lawo lili m'manja, nandifunsa m'Chitonga chimene chachitika. Nditawafotokozera anapita, nabwera ndi neti ya udzudzu ya m'chipinda cha alendo, naimangirira ku denga, n'kufunditsa thebulo lonse, bokosi ndi ine ndemwe. Wapabala anabweretsa fani ya ku bala, tinaiika m'kati mwa neti kuti izipemerera bokosi.

"Wodwala wagonekedwa," anatero wapabala. "Alendo oona odwala nthawi yatha."

Palibe anaseka. Amayi aja anandisisita pamsana kudzera pa neti, nati, "Limba mtima, mwana wangu," n'kubwerera kugombe.

Dzuwa litapendeka, magetsi anathima.

Fani inaima. Pansi pa thebulo panali kabokosi ka batire kamene kamagwirizira magetsi kwa kanthawi kochepa, ndipo kanayamba kulira. Ndinakuwa. Sindikumbuka kuti ndinakuwa chiyani, anzanga amati ndinakuwa m'Chitonga, ndipo anandimva mpaka kukhitchini. Ndinamva mapazi a wapabala akuthamangira ku jenereta. Inatsokomola, n'kuzima. Inatsokomolanso. Kabatire kanayamba kulira mofulumira. Ndinagwira m'mphepete mwa thebulo ndi manja onse, ndikunena pemphero limene tinkanena ku Sande sukulu, mawu omwewo mobwereza. Kachitatu jenereta inagwira, fani inazunguliranso. Kamzere kanali pomwe kanali, ndipo patapita kanthawi kanasuntha.

Wapabala anabwera akupuma mwawefuwefu. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Bwana, dizilo ali pansi penipeni. Sitifika patali."

Amanijala analamula kuti azimitse mafiriji, pampu ya madzi, chilichonse kupatula kachipinda kathu. Wophika anabwera kudzadandaula za nsomba zake, anamubweza ndi dzanja. Kenako anandifunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Ndinati sindikudziwa, ndipo zinali zoona. Anatuluka. Pa chitseko chotsegulacho ndinkatha kuona poimika magalimoto. Ndinawaona atagwada pambali pa galimoto yawo, imene anaigonera pa mzere ku Mzuzu kuti apeze mafuta, atalowetsa paipi m'thanki. Anayamwa, analavula, anatukwana, dizilo n'kuyamba kutsikira m'chigubu. Malaya awo oyera anali atada ndi nkhungu.

Atabwera ananunkha dizilo chipinda chonse. Anakhala pa mpando kunja kwa neti, ine m'kati, tonse maso pa kamzere.

"Bwanji sunandiuze kuti n'zoopsa chonchi?" anafunsa, osati mokalipa.

"Ndinkaopa, bwana."

"Umaopa ine kuposa ichi?"



Mabukingi ndi makalata zinatha kukopedwa dzuwa likadalipo. Sindinakhulupirire uthenga wa pa sikirini. Ndinachotsa disiki mosamala monga anandiphunzitsira, ndinapita nayo pa kompyuta ya polandirira alendo, ndinatsegula mwezi wa Disembala. Mayina anali pamenepo, zipinda, masiku. Ndinatsegula Januwale. Ndinatsegula kalata ya mlendo wina, ndinaiwerenga mpaka pansi ngakhale ndinkaidziwa. Ndinakoperanso zonsezo pa kompyuta imeneyo, kuti zikhale pawiri, kenako ndinabwerera mu neti kukayamba zithunzi.

Zithunzi sizinathe. Kugogoda kuja kunakula, uthenga unayamba kubwera woti ichi chakanika kuwerengedwa, ichinso chakanika. Ndinkadina kuti ipitirire. Zithunzi za zaka zoyambirira za loji, pamene ankamanga, zinatayika zambiri ndithu. Netiweki itabwerera katswiri anandiuza kuti ndisiye, zofunika zapulumuka, ndisaivutitsenso.

Anafika patapita masiku angapo, pa minibasi, atanyamula madisiki awiri atsopano m'chikwama cha kumsana. Magetsi anabweranso usiku womwe uja, ndipo masiku onsewo bokosi linakhala mu neti, likuyaka, ndipo palibe analigwira. Ine ndinkagwira ntchito ndi zimene ndinakopera pa kompyuta ya kutsogolo, ndikudzuka m'mawa ndi mutu wowawa.

Katswiriyo ndiye anazimitsa. Anatsegula bokosi, nakokolola nkhungu zouma zodzaza manja awiri, nalipukuta, naika fani ina. Kenako anati tiyese, tione. Anayatsa. Disiki ija inagogoda kangapo n'kukhala chete. Timagetsi tonse tiwiri tinali tofiira.

Amanijala anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Ndi imeneyo mukanazimitsa ija, bwana," anatero katswiri, akumasula zomangira. Anatambasula dzanja kwa ine. "Chemwali, yachitatu."

Ndinamupatsa. Anaika madisiki atsopano, nayamba kubwezeretsa zonse kuchokera pa kadisiki kaja. Ntchitoyo inatenga masana onse, ndipo ine sindinapite kukadya. Ndinkaganiza kuti nayonso ikhoza kugogoda. Wapabala anaiponyapo m'mwamba kangati? Katswiri ankacheza ndi amanijala za mizere ya mafuta, akuseka, ine ndili chiimire kumbuyo kwawo. Pamapeto pake anandiitana kuti nditsegule ndekha. Zinatseguka. Anandiuza ndiwonjezere mabukingi atsopano a masiku apakatiwo, ndinatero.

Mwini loji anaimba foni madzulo ake. Ndinali pa kauntala, ndipo chitseko cha ofesi chinali chotsegula. Ndinamva amanijala akufotokoza za nkhungu, za fani, za zithunzi zotayika. Kenako panali chete, mbali inayo ikuyankhula. Ndinadziwa funso limene likufunsidwa, ndinasiya kulemba.

"Ayi, disikiyo ndinaitenga ndine," anatero amanijala. "Ee, ndine. Mwanayo anandiletsa kuzimitsa. Ayi, akhalabe pa ntchito."

Ndinapita kuchimbudzi cha antchito, ndinatseka chitseko, ndinasamba kumaso, kenako ndinabwerera pa kauntala.

Sabata ya Khirisimasi kunabwera basi yaing'ono ya banja lina la ku Lilongwe, ana, zidzukulu ndi agogo awo aakazi oyenda ndi ndodo. Mwana wawo wamkulu anafika pa kauntala ali ndi nkhawa, nati analemba kalekale kupempha chipinda chopanda masitepe, pafupi ndi podyera, sakudziwa ngati tinakumbukira. Ndinayang'ana pa sikirini. Pempholo linali pamenepo, pansi pa dzina lawo, ndipo chipindacho chinali chitakonzedwa m'mawa. Ndinatenga kiyi pa msomali, ndinatuluka kuseri kwa kauntala, n'kuwatsogolera agogowo pang'onopang'ono pa njira ya mchenga.